Mtengo wopangidwa ndi mawaya ndi mafoni akufa: mafunso amene mwakhala mukutifunsa

Chiyambireni kuzungulira m'makomboni a Chipata kupempha mafoni akufa, machaja, ma remote ndi mawailesi akale kuti tipangire chionetsero cha zaluso chokhudza zinyalala zamagetsi, mafunso sakutha. Ena akuganiza kuti tayamba bizinesi ya sikirapu, ena ati mwina tikufuna golide, amayi ena ku Kapata mpaka anatifunsa maso ndi maso ngati si zamankhwala izi. Ndiye tati bola tiyankhe kamodzi, aliyense awerenge yekha. Mayankho ena ndi aatali, mutikhululukire, nkhani yake ndi yomweyo.

Kodi chinthu mwapangachi ndi chiyani kwenikweni?

Ndi mtengo. Thunthu lake ndi mawaya opota opota, a machaja, a ma extension opsa, a ma earphone aja amafa khutu limodzi pakangotha sabata. Masamba ndi timabolodi tobiriwira tam'kati mwa mawailesi ndi makompyuta, zipatso ndi mafoni akufa olendewera ngati masuku. Pansi pake pakudutsa kamtsinje kopangidwa ndi ma CD akale ndi timagetsi tating'ono ta LED, ndipo chapambali pali dzala, lija timatayako zinyalala kuseri kwa nyumba, koma lathuli ndi bokosi chabe lokhala ndi sensa m'kati. Palinso njinga yoimikidwa pa sitandi. Zonsezi ndi zolumikizana, ukagwira chimodzi china chimayankha.

Mumati "installation", ndiye kuti chiyani? Si chosema chabe?

Mawuwa ndi a anthu a zaluso, ife tinangowatengera. Chosema umachiyang'ana uli chapatali, mwina pamalembedwanso kuti osagwira. Installation ndi chinthu chomangidwa pamalo, chotenga chipinda chonse kapena bwalo, umalowamo n'kuzungulira. Yathuyi ndi ya mtundu uja wofuna kuti munthu uchitepo kanthu, popanda inu imangokhala zii mumdima ngati mulu wa zinyalala, ndipo kunena zoona ndi mulu wa zinyalala ndithu.

Kwa ife a kuno si zachilendo kwambiri. Ndani sanapangeko galimoto ya mawaya ali mwana, ya chiwongolero chachitali, matayala a zitsekerero za mabotolo? Mpira wa mapepala a pulasitiki womanga ndi mphira nanga? Luso lake ndi lomwelo, kungoti manje takula ndipo zinyalala nazo zasintha.

Ndikafika ndizichita chiyani?

Choyamba mukwere njinga. Tinasankha njinga dala chifukwa Chipata ndi tauni ya njinga, palibe amene angati sadziwa kupalasa. Gudumu lakumbuyo likamazungulira limayendetsa kamota kamene tinachotsa mu printer yakufa, kamotako kamatulutsa magetsi pang'ono okwana kuyatsa masamba a mtengo. Mukapalasa pang'onopang'ono kumayaka nthambi zam'munsi, mukalimbikira kuwala kumakwera mpaka kunsonga, kenako masipika akale obisika mu nthambi amayamba kulira ngati mbalame zam'mawa. Mukasiya kupalasa zonse zimazima. Anyamata ena amafuna kuonetsa mphamvu, amapalasa mpaka thukuta kamukamu, pakatha mphindi ziwiri atsika akupuma wefuwefu, apo ndi pomwe timawauza kuti taonani ntchito yonseyi ndi ya timagetsi tochepa chabe, nanga firiji?

Kenako tikupatsani chinthu chakufa m'manja, kaya remote kaya foni ya mabatani, musankhe kokachiika. Mukachiponya kudzala kuja, sensa imamva, mtsinje umasanduka wofiira kuyambira pa dzalapo kutsikira kumunsi, achule amasiya kulira, mbalame nazo zimatonthola imodzi imodzi mpaka chipinda chonse chete. Chete ameneyo ndi amene amawagwira anthu mtima, ana ena amathamangira kukachichotsa okha osauzidwa. Mukachiika pa tebulo la wokonza, lili mbali inayo ndi screwdriver ndi soldering iron yake yozizira, mtsinje umabwerera mtundu wa madzi.

Chomaliza ndi foni yakale ija ya pa tebulo, ya chingwe chopiringizika, imene ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti amaigwira bwanji. Mukainyamula mumva mawu a anthu amene tinacheza nawo atativomera, wokonza mafoni, mayi wa dimba, mnyamata wotola zitsulo. Mayina awo sitinaike.

Sichigwira shoko? Ana angabwere?

Awe, sichigwira. Palibe chilichonse pa mtengowo cholumikizidwa ku malaiti a Zesco, zonse zikuyendera 12 volts kutsika m'munsi, ngati batire la galimoto. Mabatire onse a m'mafoni olendewerawo tinachotsa, timabolodi tinatitsuka n'kupaka vanishi kuti fumbi lake lisamatsalire m'manja, nsonga zakuthwa tinapala. TV zakale za chimsana zija sitinaziphwanye, ndipo inunso musamaphwanye, chifukwa galasi lake lili ndi mtovu komanso m'kati mumatha kutsalira magetsi ngakhale yakhala nthawi isanayatsidwe. Ma microwave sitinalandire n'komwe pa chifukwa chomwecho.

Ana abwere ndithu, koma aang'ono akhale ndi wamkulu, ndipo potuluka pali ndowa ya madzi ndi sopo, aliyense asambe m'manja asanakagwire vitumbuwa.

Zinthu zonsezi munazipeza kuti?

M'nyumba mwanu momwemo. Ife poyamba timaganiza kuti tivutika, kuti mwina tikachite kukumba kumalo otayira zinyalala, koma ayi. Pafupifupi khomo lililonse lili ndi kabati kapena katoni pansi pa bedi kodzaza ndi zinthu zakufa zimene munthu akulephera kutaya chifukwa anazigula modula. Ambuye ena anatitulutsira wailesi ya makaseti, matochi angapo ndi decoder yakale, koma wailesiyo anaibweza m'nyumba, ati iyi yokha ayi inali ya malemu amuna anga. Tinawamvetsa. Zambiri zinachokera kwa okonza mafoni ndi mawailesi a ku Kapata ndi ku Down Shops, amene amakhala ndi masaka a zinthu zoti eni ake anasiya osabweranso.

Kafoni kakang'ono kangawononge bwanji chilengedwe? Simukukokomeza?

Kamodzi kokha sikangaphe mtsinje, zimenezo n'zoona. Vuto ndi kuchuluka komanso katayidwe kathu. Lipoti la mabungwe a United Nations lotchedwa Global E-waste Monitor linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinthu zamagetsi, ndipo zimene zinatoleredwa n'kukonzedwanso mwa dongosolo ndi 22.3 peresenti chabe. Akuti pofika 2030 zidzafika matani 82 miliyoni. Zotsalazo zili kuti? Zina zili m'makabati, zina m'madzala, zina zinapsa.

Manje taganizani mmene timachitira kuno. Dzala likadzaza timayatsa moto, madzulo utsi uli tolotolo komboni yonse. Ngati mmenemo muli mawaya, pulasitiki yake ija ya PVC ikamapsa imatulutsa utsi wa poizoni, muli mankhwala otchedwa dioxin amene amakhalitsa m'dothi ndi m'thupi. Anyamata ena amawotcha mawayawo dala kuti atsale ndi kopa wokagulitsa, amaima pompo akutakasa ndi ndodo, utsi onse ukulowa m'chifuwa. Machubu a magetsi aataliatali aja ndi mababu opiringizika ali ndi mercury, chitsulo cha poizoni, akasweka imatuluka. Zipangizo zakale zambiri analumikiza ndi mtovu, uja ena amangoti lead, ndipo batire la galimoto kapena la sola ndiye ladzaza nawo limodzi ndi asidi.

Phulusa lija silikhala pamodzi. Chipata ili pakati pa mapiri, mvula ikagwa mu December madzi amatsika ndi liwiro, amakokolola zonse kulowa m'ngalande, ngalande zithira mu mtsinje wa Lunkhwakwa, ndipo m'mbali mwa mitsinje ndi momwe muli madimba a repu, tomato ndi nzimbe zimene timagula pamsika. Nkhuku nazo zimapalasa padzala pomwepo, mawa tidya mazira ake.

Ngati mukufuna kudziwa kuti mtovu umachita chiyani simufunika kupita kunja, pitani ku Kabwe. Mgodi wa mtovu ndi zinc wa kumeneko unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero dothi la m'makomboni oyandikira likadali ndi mtovu ndipo ana akupezeka nawo m'magazi. Sitikunena kuti Chipata ndi Kabwe, kutalitali, kuja unali mgodi wa zaka zambirimbiri. Koma mtovu wake ndi umodzimodzi, suwola, umawononga ubongo wa mwana, ndipo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwinobwino.

Ndamva kuti m'mafoni muli golide. Ndi zoona? Ndiye mukulemera inu?

Hahaha funso ili ndiye nambala wani. Golide alimo zoona, pamodzi ndi siliva ndi kopa, koma mu foni imodzi ndi kochepetsetsa, simungakaone n'komwe. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, mamendulo onse a Olympics ya Tokyo 2020 anapangidwa ndi zitsulo zochokera mu zipangizo zakale, koma anthu a ku Japan anachita kusonkha matani pafupifupi 79,000 a zinthu, kuphatikizapo mafoni opitirira 6 miliyoni, kuti apeze makilogalamu 32 a golide. Zimafuna fakitale yeniyeni. Amene amayesera kunyumba ndi asidi chifukwa anaonera kavidiyo pa TikTok amangodziwotcha manja ndi mapapo.

Ife sitigula ndipo sitigulitsa. Chimene chimatipweteka mtima ndi kopa, dziko lathu limakumba kopa ku Copperbelt ndi ku North-Western, amapita kunja, amabwera ali chaja ya K30, chaja ifa pa mwezi umodzi, ife tiitaya kudzala. Thunthu la mtengo wathu likunena zimenezo.

Ndikufuna kupereka foni koma muli zithunzi ndi manambala anga.

Chotsani SIM ndi memory card musanabwere nayo. Ngati imayakabe pang'ono ipangeni factory reset. Ngati ndi yakufiratu ndipo mukukayika, tichotsa bolodi la m'kati inu mukuona n'kukupatsani, ife titsala ndi chikhokho. Mafoni amene ali pa mtengo alibe batire ndipo sitiwayatsa.

Ndinu oyamba kuchita zoterezi?

Iyayi, ena anayamba kale. Ku London mu 2005 anaimika chimunthu chotalika mamita 7 cholemera matani opitirira atatu chotchedwa WEEE Man, chopangidwa ndi mafiriji, ma TV, maketulo ndi zina, kusonyeza zamagetsi zimene munthu mmodzi wa ku Britain amataya pa moyo wake wonse. Mu 2021 atsogoleri a mayiko olemera a gulu la G7 atakumana ku Cornwall ku Britain anapeza nkhope zawo zitaumbidwa ndi zinyalala zamagetsi, anthu anachitcha Mount Recyclemore. Koma zonsezo ndi zoyang'ana chabe, ife timafuna zoti munthu agwire. Kuno kwathu ku Mfuwe alipo amayi amene amapanga mikanda ndi zibangili kuchokera ku mawaya a misampha imene imachotsedwa mu South Luangwa, amenewo ndi amene anatipatsa nzeru kwambiri kuposa a ku Ulaya, chifukwa waya womwe umafuna kupha nyama manje ukudyetsa banja.

Bwanji osangolemba ma poster kapena kukalankhula pa wailesi?

Ma poster alipo ambiri m'tauni muno ndipo timawadutsa tonse osawerenga. Wailesi ndi yabwino, imafika kumidzi kumene mtengo wathu sungafike. Koma munthu ukamuuza kuti osataya batire kudzala amati inde inde, akafika kunyumba ataya. Akaponya yekha ndi dzanja lake n'kumva mbalame zikutonthola, anzake akumuyang'ana, zimakhala zina. Bambo wina anaima nthawi yaitali pa dzala lathulo kenako anangoti, ndiye batire la sola lija ndinaliphwanya ndi nkhwangwa ndinalakwa eti. Palibe amene anamuuza.

Mwatchula sola kangapo. Sola si ndiye yabwino ku chilengedwe?

Ndi yabwino ndithu, ifenso timagwiritsa ntchito. Loadshedding ya 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, inakakamiza aliyense amene akanatha kugula panel, inveta, batire, nyale zochajisa, ma power bank. Kumidzi ndiye anayamba kalekale. Panel imakhalitsa zaka zambiri koma batire la asidi lija silikhalitsa, makamaka ukamalimaliziratu usiku uliwonse, pakapita zaka zochepa lafa. Ndiye mabatire onse anagulidwa nthawi imodzi aja adzafanso nthawi imodzi. Ena amakhuthulira asidi pansi kuti batire lipepuke ponyamula, ena amasungunula mtovu wake pa mbaula pomwe amaphikira nsima. Chonde musatero. Batire lakufa lisungeni lathunthu, choimika, pamthunzi pomwe ana safika, ndipo pogula latsopano funsani wogulitsa ngati amalandira lakale, ena amalandira chifukwa mtovu wake umakonzedwanso.

Za m'mafoni ndi m'ma power bank ndi zina, izo ndi za lithium, vuto lake ndi moto. Ife tinaphunzira movutikira, tinaunjika mabatire mu katoni imodzi m'chipinda chosungira, limodzi linali lotupa, masana kutatentha linayamba kufuka utsi. Mwamwayi panali munthu. Kuyambira pamenepo timamata tepi pa nsonga zake, timasunga mu chidebe chachitsulo chokhala ndi mchenga, panja. Batire likatupa osaliboola, osaliponya pamoto, osalichajanso.

Lamulo likuti chiyani pa zimenezi?

Ku Zambia zinyalala zoopsa zimayang'aniridwa ndi ZEMA, nthambi ya boma yoona za chilengedwe, imene inakhazikitsidwa ndi Environmental Management Act ya 2011, ndipo amene akufuna kutolera kapena kunyamula zinyalala zotere ngati bizinesi amafunika laisensi yawo. Pa dziko lonse pali pangano la Basel la 1989 loyang'anira kutumiza zinyalala zoopsa kuchoka dziko lina kupita lina, ndipo mayiko a mu Africa anapanganso lawo la Bamako mu 1991 loletsa kuzilowetsa muno. Chovuta ndi katundu wa second hand, kontena imabwera yolembedwa kuti ndi makompyuta ogwira ntchito koma ena mwa iwo atsala ndi miyezi yochepa kuti afe, ndiye amadzafera kuno. Ku Accra ku Ghana, malo otchedwa Agbogbloshie anatchuka dziko lonse chifukwa cha utsi wa mawaya owotchedwa, mpaka boma linawagwetsa mu 2021. Komabe tisamangoloza azungu, zambiri zimene zili pa mtengo wathu tinagula tokha anthu a kuno zili zatsopano, zotchipa, zosachedwa kufa.

Chionetsero chikatha zinthuzi zidzapita kuti? Si mudzangotaya inunso?

Limeneli ndi funso labwino kuposa onse ndipo limatisowetsa tulo. Kupachika foni pa mtengo sikuchotsa poizoni wake, tangoisamutsa kuchoka pansi pa bedi lanu kubwera kwa ife. Ndiye tinagwirizana zinthu zingapo tisanayambe. Chilichonse chobwera chimayamba chadutsa m'manja mwa wokonza, ngati chingadzuke chimadzuka n'kubwerera kwa mwini wake, ndipo zadzuka zambiri, wailesi ina vuto lake linali kawaya kamodzi kothothoka. Ngati muli sipeya yothandiza amachotsa. Zokhazo zopanda chiyembekezo ndi zimene zimakwera mu mtengo. Sitinagwiritse ntchito guluu kapena simenti, zonse ndi zomanga ndi waya ndi masikuluwu kuti tsiku lophwasula tidzathe kusiyanitsa kopa payekha, pulasitiki payekha, timabolodi patokha, n'kuzipereka kwa amene ali ndi laisensi. Kuchoka kuno kukafika ku Lusaka pa Great East Road ndi mtunda wa makilomita opitirira 550, thiransipoti yake si yamasewera, ndiye tikudikira kuti zichuluke zikwane ulendo umodzi. Mpaka nthawi imeneyo zikhala zotsekeredwa pouma.

Apa tinenenso, okonza mafoni, mawailesi ndi mafiriji ndi amene akugwira ntchito yeniyeni, tsiku ndi tsiku, pa kabenchi kamodzi ndi kababu. Anthu timawanyoza, timawanenerera mtengo mpaka kutsala pang'ono kulira, koma foni iliyonse imene asintha sikirini ndi foni imene sinapite kudzala. N'chifukwa chake tebulo lawo lili pakati pa chionetsero, osati kukona.

Pakali pano kunyumba ndichite chiyani?

Osawotcha, osakwirira, osaponya m'chimbudzi. Ikani zamagetsi zakufa mu katoni yakeyake pouma, mabatire padera. Musanagule foni ina yesani kaye kukonzetsa. Chaja ngati mungathe gulani yolimba kamodzi m'malo mwa zotchipa zisanu. Ana asamaseweretse mabatire ang'onoang'ono ozungulira ngati ndalama aja a m'mawotchi ndi m'zidole, mwana akameza thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti mwina lituluka lokha, limawotcha pammero m'maola ochepa.

Ndine mphunzitsi, ndingabwere ndi kalasi yonse?

Bwerani aphunzitsi, koma muwagawe m'magulu ang'onoang'ono chifukwa njinga ndi imodzi ndipo aliyense amafuna kukwera, pamakhala ndewu. Ngati mukufuna tsiku loyenerana ndi phunziro, 14 October ndi tsiku loganizira za zinyalala zamagetsi pa dziko lonse, linayamba mu 2018. Ana a sayansi timawatsegulira kuseri kwa mtengo aone ka Arduino kamene kamalamula zonse, ndi kabolodi kakang'ono kokwana m'dzanja, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene tinagula zatsopano.

Mbalame zija zimalira ndi zenizeni kapena munatenga pa intaneti?

Zenizeni, za konkuno. Tinakwera phiri la Kanjala mbandakucha ndi foni imodzi yosweka sikirini koma maiki yake ikugwirabe, tinajambula apumbwa, njiwa ndi atimba. Achule ndi a kudambo nthawi ya mvula. Tinavutika kupeza malo abata chifukwa kulikonse kumamveka njinga zamoto kapena nkhwangwa ya wina akudula mtengo, ndipo mukamvetsera bwino chakumapeto nkhwangwayo ikumveka, tinaisiya dala. Tinajambulanso kadzidzi usiku wina, tinkafuna azilira munthu akaponya chinthu kudzala, koma titayesa tsiku loyamba amayi awiri anatuluka osatsanzika ndiye tinamuchotsa.